Fumbi la m'Migodi Lisadyenso Ana Athu

Aliyense amene adakulira m'midzi ya kumapiri kuno ku Dedza, kaya kwa Kachere, kwa Kaphuka, kwa Kasumbu kapena kwa Kamenyagwaza, akukumbukira chifuwa chimene chinkamveka m'bandakucha m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye. Chinali chifuwa chouma, chosatulutsa kanthu, ndipo kawirikawiri chinkachokera m'nyumba za malata. Nyumba zotere zinali zowerengeka masiku amenewo, ndipo eni ake ambiri anali amuna amene adakagwirako ntchito ku Joni. Ife ana tinkasirira malatawo, njinga, wailesi ndi majekete awo. Za chifuwacho panalibe wofunsa.

Malume anga, amene anali mwini mbumba yathu, anali mmodzi wa amuna amenewa. Adapita ndi Wenela maulendo anayi, nagwira ntchito yobowola thanthwe pansi pa nthaka mu mgodi wina wa golide. Adabwerako komaliza m'chaka cha 1975 ali munthu wamphamvu, wonyamula thumba la mbatata ya kachewere kuchokera kudimba mpaka kumudzi osatula. Patapita zaka khumi sankathanso kukwera kachitunda ka kuseri kwa nyumba yawo popanda kuima kawiri. Kuchipatala adawapatsa mankhwala a chifuwa chachikulu, iwo namwa mokhulupirika mpaka kumaliza, koma kubanika sikudathe. Abale ena adati ndi tsempho, ena adaloza chala nkhalamba zosalakwa. Ndili pa tchuthi cha kusekondale ndidawafunsa za ku mgodi, ndipo adandiuza kuti akalowa pamalo pamene paphulitsidwa kumene, nyale ya pachipewa inkawala ngati mwezi wa m'nkhungu. Tidawaika m'manda m'chaka cha 1988, ndipo palibe mmodzi wa ife amene ankadziwa dzina la nthenda imene idawatenga.

Lero dzinalo tikulidziwa. Ndi silikosisi, nthenda ya m'mapapo yobwera chifukwa chopuma fumbi la miyala. Ndalemba nkhaniyi chifukwa dziko lathu likutsekula migodi yakeyake, ndipo ndikufuna kuti atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi ogwira ntchito m'Boma, amvetse mfundo imodzi: mgodi umene sutha kusefa mpweya umene antchito ake akupuma suyenera kupatsidwa chilolezo m'dziko muno.

Tiyambe ndi mbiri, pakuti mau a akulu amakoma akagonera. Golide adapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, ndipo miyala yake ili ndi mwala wolimba wa kwatsi wochuluka kwambiri. Pasanathe zaka makumi awiri, antchito obowola miyalayo adayamba kufa ndi nthenda ya m'chifuwa, kotero kuti m'chaka cha 1902 boma la kumeneko lidakhazikitsa gulu lofufuza za nthendayo. M'chaka cha 1930 bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO lidachititsa msonkhano waukulu wokambirana za silikosisi mu mzinda wa Johannesburg womwewo. Izi zikutanthauza kuti pamene makolo athu ankakwera ndege za Wenela, eni migodi ankadziwa kale chimene fumbi limachita m'chifuwa cha munthu.

Ndipo makolo athuwo adapita ambiri. Pofika chaka cha 1973, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nkupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Pulezidenti Dr H. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi. Kulembako kudayambiranso m'chaka cha 1977, dzina la Wenela litasanduka TEBA, imene kumudzi timati Theba, mpaka kudatha m'chaka cha 1988 chifukwa cha mkangano wokhudza kuyeza kachilombo ka HIV. Imfa za ku Francistown zidagwedeza dziko lonse chifukwa zidachitika tsiku limodzi, anthu akuona. Koma imfa za fumbi zidabwera imodziimodzi, m'midzi yotalikirana, patapita zaka zambiri, ndipo palibe amene adaziwerenga.

M'chaka cha 1995 gulu lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza Ramon Leon lidanena kuti fumbi m'migodi ya ku South Africa silidachepe kwa zaka pafupifupi 50. Kafukufuku amene adasindikizidwa m'chaka cha 2004 adapeza kuti mwa antchito achikuda achikulire amene adakhalitsa m'migodi ya golide, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anali ndi silikosisi. M'chaka cha 2011 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku South Africa lidagamula kuti Bambo Thembekile Mankayi anali ndi ufulu wosumira kampani imene adaigwirira ntchito, koma iwo adamwalira patangotsala masiku ochepa kuti chigamulocho chiperekedwe. Mlandu umenewu udatsekula njira, ndipo m'chaka cha 2019 khoti lidavomereza mgwirizano wakuti makampani asanu ndi imodzi a golide apereke ndalama zokwana R5 biliyoni za chipukuta misozi kudzera m'bungwe la Tshiamiso Trust, kwa amene adagwira ntchito m'migodi yawo kuyambira pa 12 Malichi 1965 mpaka pa 10 Disembala 2019. Ndalamazo nzambiri ndithu, koma palibe ndalama imene ingagule mapapo atsopano. Madzi akatayika saoleka.

Kodi fumbi limeneli limapha bwanji? Apa pafunika kumvetsa bwino, chifukwa ambiri a ife timaganiza kuti fumbi loopsa ndi lija timaliona galimoto ikadutsa mumsewu m'mwezi wa Okutobala. Fumbi lotero nlalikulu. Limakodwa m'mphuno ndi kukhosi, ndipo timalitulutsa poyetsemula kapena potsokomola. Loopsa ndi limene maso saliona. Mukagawa milimita imodzi m'zigawo 1,000, chigawo chimodzi chimatchedwa maikiloni. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi mamaikiloni 70, pamene fumbi lofika mkati mwenimweni mwa mapapo nlochepera mamaikiloni 10, ndipo lambiri silifika ngakhale pa 5. Fumbi lotere limayandama mumpweya kwa maola ambiri ntchito itatha. Likalowa m'timatumba ta mpweya ta m'mapapo, thupi limayesa kulimeza ndi kulichotsa, koma mwala sugayika. Pamalopo pamachita chipsera, ndipo zipserazo zikachuluka mapapo amauma ngati chikopa chosafufuta.

Pali zinthu zitatu zimene aliyense ayenera kudziwa. Choyamba, silikosisi ilibe mankhwala ochiza. Chachiwiri, imachedwa kuonekera, nthawi zambiri patapita zaka 10 kapena 20, ndipo imapitirira kukula ngakhale munthu atasiya ntchito. Chachitatu, imatsekulira khomo chifuwa chachikulu: munthu wa silikosisi amagwidwa ndi chifuwa chachikulu mosavuta pafupifupi katatu kuposa mnzake, ndipo akabwerera kumudzi amapatsira mkazi wake ndi ana. Nchifukwa chake atsogoleri a maiko a SADC adasaina chikalata chapadera cholimbana ndi chifuwa chachikulu m'migodi mu mzinda wa Maputo m'chaka cha 2012. Kuonjezera apo, m'chaka cha 1997 bungwe lofufuza za khansa la pansi pa WHO lidaika fumbi la kwatsi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa.

Popeza kuchiza kulibe, chatsala nkupewa, ndipo njira zake nzodziwika. Yoyamba ndi madzi: kubowola ndi makina othira madzi pa nsonga, kuwaza madzi pa miyala yophulitsidwa isanayambe kutapidwa, ndi kunyowetsa misewu ya mumgodi. Yachiwiri ndi mphepo: mafani akuluakulu olowetsa mpweya wabwino ndi kutulutsa woipa, komanso kudikira nthawi yokwanira anthu asanabwerere pamalo pamene paphulitsidwa. Koma madzi sagwira fumbi lonse, makamaka laling'onoting'ono lija, ndipo mphepo yokha imangolisamutsa kuchoka pamphuno pa uyu kupita pamphuno pa uyo. Pamenepa mpamene pafunika njira yachitatu, ya kusefa mpweya.

Mayi aliyense wa kumudzi amadziwa ntchito ya sefa: ufa umadutsa, misere nkutsala. Sefa ya mpweya imagwira ntchito yomweyo, kungoti imadutsitsa mpweya nkugwira fumbi. Pamakina ophwanya miyala, ndi pamene miyala imagwera kuchoka pa lamba wina kupita pa wina, amaikapo chivundikiro ndi paipi yokoka mpweya, kuti fumbi ligwidwe pomwe labadwirapo. Mpweyawo umayamba wazunguliridwa m'chimphika chimene chimagwetsa fumbi lolemera, kenaka umadutsa m'matumba a nsalu yapadera amene amagwira lotsalalo. Pansi pa nthaka, pamene pali chinyezi, amagwiritsanso ntchito makina otsuka mpweya ndi madzi. Zonsezi si zachilendo. Zakhala zikugwira ntchito m'mafakitale a simenti ndi m'migodi kwa zaka zambiri.

Pali kusefa kwina kumene kukukhudza kwambiri migodi yathu, popeza yambiri idzakhala ya pamtunda. Oyendetsa zigalimoto zotuta miyala, makatapila ndi makina obowolera amakhala tsiku lonse m'kanyumba ka dalaivala pakati pa fumbi. Kanyumbako kakakhala kotsekedwa bwino, fani imakoka mpweya wa kunja kudzera mu sefa nkuukankhira mkati mwamphamvu, kotero kuti pa kampata kalikonse mpweya umatuluka m'malo molowa. Sefa yachiwiri imatsuka mpweya umene uli kale mkatimo, kuchotsa fumbi lolowa ndi nsapato ndi zovala. Sefa ya mtundu wa HEPA imadutsitsa tinthu titatu tokha mwa tinthu 10,000 ta fumbi losalala kwambiri. Bungwe la boma la America lofufuza za umoyo wa anthu pa ntchito, la NIOSH, lidapeza kuti kanyumba kosamalidwa bwino kamachepetsa fumbi ndi magawo oposa 90 pa 100 alionse, ndipo m'chaka cha 2021 padatuluka muyeso wa pa dziko lonse wa ISO 23875 wonena za mpweya wa m'tinyumba timeneti.

Koma tichenjere. Sefa imene yadzaza fumbi osasinthidwa ili ngati nkhokwe yobooka pansi. Labala wa pachitseko akang'ambika, kapena dalaivala akatsekula windo chifukwa makina oziziritsa adafa kalekale, ntchito yonse yapita pachabe. Kusesa pouma ndi tsache, kapena kupemerera zovala ndi mpweya wa kompuresa, kumabweza mumpweya fumbi limene lidagwidwa kale. Choncho nkhani si kugula makina kokha ayi. Nkhani ndi mwambo wa pa ntchito: buku lolembamo tsiku limene sefa idasinthidwa, geji yoonetsa mphamvu ya mpweya m'kanyumba, ndi munthu wodziwika dzina amene adzayankhe zinthu zikalakwika.

Tsono nchifukwa chiyani ndikunena izi lero? Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 2021, adaika migodi pakati pa nsanamira za chuma chathu. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga udatsekulidwa m'chaka cha 2009, udaima m'chaka cha 2014, ndipo udayambiranso m'chaka cha 2025. Malasha akhala akukumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi kwa zaka zambiri. Makampani akhala akufufuza ndi kukonzekera kukumba miyala ya mtengo wapatali ku Kangankunde m'boma la Balaka, ku Songwe m'boma la Phalombe, ku Kanyika m'boma la Mzimba ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe. Kuno kwathu tili ndi dongo la ku Linthipe ndi miyala ya kwale ya m'mapiri athu, ndipo kungodumpha malire, anyamata athu ena amakafika ku migodi ya malasha ya ku Moatize m'chigawo cha Tete. Chitukuko chimenechi tikuchifuna, ndipo tidachilakalaka kwa nthawi yaitali. Koma nthawi yabwino yoika sefa pa mgodi ndi pamene mgodiwo ukadali pa pepala.

Ndikudziwa zimene ena adzanene. Adzati makina osefa mpweya ngodula, ndipo tikaumirira tidzathamangitsa obweretsa chuma. Yankho langa nlakuti makampani ambiri amene akubwera kuno ngochokera kumaiko kumene malamulo a fumbi ngokhwima kale. Ku America, malire a fumbi la kwatsi m'mafakitale adatsitsidwa m'chaka cha 2016 kufika pa mamiligalamu 0.05 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya, ndipo dziko la Australia lidafika poletseratu miyala yopanga ya pa matebulo a kukhitchini m'chaka cha 2024 chifukwa cha silikosisi. Ngati kampani imatha kusefa mpweya kwawo, ilephera bwanji ku Balaka? Kodi mapapo a Mmalawi ngotsika mtengo? Ndiponso mtengo wa fumbi suthawika. Kampani ikapanda kulipira lero pogula sefa, adzalipira mawa ndi mkazi wamasiye, chipatala cha Boma ndi wokhoma msonkho, mgodiwo utatsekedwa ndipo eni ake atapita.

Ena adzati masiki ngokwanira. Masiki ali ndi malo ake, koma ndi chitetezo chotsiriza, osati choyamba. Masiki abwino amagwira ntchito pokhapokha atakhala ogwira bwino kumaso, ndipo munthu wa ndevu kapena wotuluka thukuta pa ntchito yolemetsa sakhala nawo maola asanu ndi atatu. Kansalu kapena mpango womanga pamphuno sugwira bwino fumbi losaoneka lija. Umangompatsa munthu mtima wakuti watetezedwa. Bwana amene amagawa masiki nkusiya makina akufuka fumbi wasenzetsa wantchito katundu amene ali wake.

Enanso adzati zonsezi nza makampani akuluakulu, nanga amayi oswa miyala ya kwale ndi nyundo m'mbali mwa msewu wa M1, kapena anyamata okumba golide ndi mapiki ku Makanjira, angagule sefa? Funsoli nloona, ndipo sitiyenera kulizemba. Iwowa sangagule makina, koma madzi angathe. Kafukufuku wa pamakina ophwanya miyala ku India ndi m'migodi ing'onoing'ono ya ku Nigeria adaonetsa kuti kuwaza madzi osalala ngati nkhungu kumachepetsa fumbi la kwatsi ndi magawo pafupifupi 80 pa 100. Kunyowetsa mwala usanaswedwe, kukhala kumene mphepo ikuchokera, ndi kusaika mwana kumsana kapena pafupi ndi mulu wa miyala, nzinthu zosafuna ndalama. Ndipo okumba akakhala m'makopaletivu angathe kugula pampu ndi thanki imodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Malamulo tili nawo. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito la 1997 limapatsa olemba ntchito udindo woteteza antchito awo. Pali lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito la 2000, ndi lamulo la migodi la 2023. M'chaka cha 2019 dziko lathu lidavomereza pangano la ILO la nambala 155 lonena za chitetezo ndi umoyo pa ntchito. Koma lamulo la m'kabati silisefa mpweya. Choncho ndikupempha ogwira ntchito m'Boma zinthu zinayi. Chilolezo cha mgodi kapena kwale chisatuluke popanda ndondomeko yolembedwa yosonyeza mmene fumbi lidzagwidwire, pamalo ndi pamalo. Oyendera malo a ntchito apatsidwe timapampu toyezera fumbi timene wantchito amavala pa malaya tsiku lonse, chifukwa fumbi losaoneka silingayezedwe ndi maso, ndipo azifika mosalengeza. Wantchito aliyense ajambulidwe m'chifuwa polowa ntchito, pakapita nthawi, ndi potuluka, ndipo apatsidwe zotsatira zake m'manja. Pomaliza, kaundula wa antchito ndi wa miyeso ya fumbi asungidwe ndi Boma kwa zaka makumi angapo, chifukwa nthendayi imadzaonekera kampani itachoka. Ambiri mwa makolo athu a ku Joni adavutika kupeza chipukuta misozi chifukwa cha kusowa kwa mapepala.

Kwa inu apampando ndi alembi a m'nthambi, amayi ndi achinyamata a Chipani, ntchito yanu ili pamudzi. Mumawadziwa amuna amene adapita ndi Wenela ndi Theba, ndiponso amayi amasiye amene adatsala. Alimbikitseni kusunga makadi ndi mapepala onse a kumgodi, ngakhale ooneka ngati achabe, ndipo odwala apite kuchipatala akanene poyera kuti adagwirapo ntchito ya m'miyala, kuti adokotala asangoyang'ana chifuwa chachikulu chokha. Achenjezeni za akathyali amene amayenda m'midzi kutolera ndalama ponamizira kuti athamangitsa malipiro a ku Joni. Kupempha chipukuta misozi ku Tshiamiso Trust nkwaulere, ndipo za nkhani zotere afunse ku ofesi ya zantchito ya pa boma. Ndipo kampani ikadzabwera m'dera lanu kudzakambirana ndi mafumu, musafunse za mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu zokha. Funsani kuti fumbi adzaligwira bwanji, sefa adzasintha kangati, ndipo adzayeza ndani. Wofunsa mafunso otere sakudana ndi chitukuko. Akuteteza anthu amene chitukukocho chabwerera.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma ife a Dedza sitingati tidaonera kwa mnzathu. Tidaonera m'nyumba zathu zomwe, pa mphasa za malume athu ndi abambo athu. Iwo adapuma fumbi m'migodi ya eni, pansi pa malamulo a eni, ndipo panalibe wowalankhulira. Migodi imene ikutsekulidwa tsopano ili pa nthaka yathu, zilolezo zake zikusainidwa ndi ana a dziko lino, ndipo amene adzalowemo ndi adzukulu a amuna omwe aja. Chifuwa chija chikadzamvekanso m'bandakucha m'midzi yathu zaka makumi awiri zikudzazi, sitidzakhala ndi mlendo womuloza chala.